Mlandu wa Mwana Woyasamula

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu umachenjeza kuti chizindikiro chochokera kwa wodziwa zinthu sichiyenera kupeputsidwa. Tsono pali wamkota wina amene anthu a masiku ano amupeputsa koposa, ndiye thupi la munthu. Thupi likafuna kunena kanthu silidikira chilolezo cha mwini wake: limayasamula, limayetsemula, limatsokomola, limausa moyo. Komabe m'makomo ndi m'sukulu zambiri za m'tsinde mwa Phiri la Dedza, mwana akayasamula pamaso pa wamkulu amazazidwa ngati watukwana, ndipo kusukulu mwina amapatsidwa chibalo chogwada panja kapena chokumba dzenje la zinyalala. Mchitidwe umenewu ndi wolakwika, ndipo wafika poyenera kuutengera kubwalo. Oimbidwa mlandu ndi awiri: wamkulu amene amalanga mwana chifukwa choyasamula, ndi wophunzira amene amafotokoza za kuyasamula ndi nthano ya m'mabuku akale, kwinaku akuseka makolo kuti adali osadziwa.

Mboni yoyamba ndi m'mawa wa mwezi wa Juni. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri imayandikira mamita 2,200. Ku Bembeke, ku Chongoni ndi m'midzi yozungulira phirilo chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, nkhungu n'kuphimba mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera. Mwana wa Sitandade 4 amadzuka kudakali mdima, n'kukatunga madzi, n'kusesa pabwalo, kenaka n'kuyamba ulendo wa kusukulu m'mame, m'mimba mulibe kanthu kapena muli kachewere mmodzi wogona. Usiku sadagone bwino chifukwa bulangete ndi limodzi pamene ofunda ndi atatu. Chiyambire 1994, pamene boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, kalasi ya ana oposa 100 siidabwitsanso munthu. Mawindo amatsekedwa kuopa mphepo. Pofika cha m'ma 10 koloko mwana uja amatsekula kukamwa, ndipo mphunzitsi amafunsa mwaukali kuti, “Kodi ndikukutopetsa?” Funso loyenera likadakhala lakuti, “Kodi wadya? Nanga dzulo udagona nthawi yanji?”

Woimbidwa mlandu wachiwiri amabwera ndi Chingerezi pakamwa. Iye amati munthu amayasamula chifukwa m'magazi mwachepa okosijeni ndipo mwachuluka mpweya woipa, choncho thupi limakoka mpweya wambiri kuti libweze woperewerawo. Mawu amenewa aphunzitsidwa m'makalasi zaka zambiri, ndipo amakoma m'khutu. Kungoti si oona. M'chaka cha 1987 katswiri wa ku America, Robert Provine wa pa yunivesite ya Maryland, adayesa nkhaniyi pa ophunzira. Ena adawapumitsa okosijeni yekhayekha, ena adawapumitsa mpweya wowonjezeredwa kaboni dayokosaidi, womwe ndi mpweya woipa uja. Kapumidwe kawo kadasintha ndithu, koma kuyasamula sikudachepe kwa oyambawo ndipo sikudachuluke kwa enawo. Adawachititsanso masewero olimbitsa thupi mpaka kupuma mwawefuwefu, koma kuyasamula kudakhala chimodzimodzi. Kuwonjezera apo, makina ounikira amayi oyembekezera aonetsa kuti mwana amayasamula akadali m'mimba, kuyambira cha m'sabata ya 11, mapapo ake asadalawepo mpweya. Nsomba nazo zimayasamula zili m'madzi. Wophunzira amene akunenabe nthano ya okosijeni patapita zaka zoposa 35 chiitsutsire asaseke agogo ake. Safunsa adadya phula.

Zimene akatswiri apeza

Kuyasamula kumodzi kumatenga masekondi pafupifupi 6. Kumachuluka pamalire a tulo: munthu atangodzuka, akayandikira kukagona, ndiponso akakhala malo amodzi nthawi yaitali osatakataka. Kawirikawiri kumadza pamodzi ndi kudziwongola. Nsagwada zikatambasuka chotero magazi amathamangira kumutu ndipo mtima umafulumira pang'ono. Mu 2007 Andrew Gallup ndi Gordon Gallup adapereka ganizo lakuti ntchito ya kuyasamula ndi kuziziritsa ubongo, pakuti ubongo ukatentha munthu amawodzera. Iwo adapeza kuti anthu amene adagwiriza chinthu chozizira pamphumi, ndiponso amene ankapumira m'mphuno, sankayasamula kawirikawiri ngati anzawo. Kafukufuku wa ku Tucson, mzinda wa ku America wotentha ngati chigwa cha Shire, adaonetsa kuti anthu ankayasamula pang'ono m'nyengo ya kutentha koopsa, pamene mpweya wakunja sungaziziritse kanthu. Wina wa ku Vienna adaonetsa kuti ankayasamulanso pang'ono m'nyengo ya chisanu choopsa, pamene mutu ndi wozizira kale. Akatswiri akadakanganabe za ganizo limeneli, koma amagwirizana pa chimodzi: kuyasamula kumadza kokha, pamene munthu akuchoka m'tulo, akulimbana nato, kapena akukonzekera chinthu chachikulu. Provine yemweyo adalemba za asilikali amene amayasamula atatsala pang'ono kudumpha m'ndege, ndi za akatswiri a masewero amene amatero mpikisano usanayambe. Amenewo si anthu otopa ndi ntchito yawo.

Pamenepa mlandu wa mwana uja wayamba kuoneka mutu wake. Mwana woyasamula m'kalasi ndi amene thupi lake likulimbana ndi tulo. Wogonja amangozolika mutu pa desiki. Kulanga woyasamulayo kuli ngati kukwapula ng'ombe chifukwa ikupuma mwamphamvu pokoka ngolo pachitunda cha Golomoti.

Palinso chinthu china chimene aliyense adaonapo pamsonkhano wa mfumu kapena m'tchalitchi: mmodzi akayasamula, ena amatsatira. Provine adaonetsa anthu kanema wa munthu woyasamula, ndipo oposa theka adayasamula pasanathe mphindi 5. Kumva phokoso lake, ngakhale kungowerenga za kuyasamula, kumakwanira. Ana aang'ono satengera mwanjira imeneyi mpaka atafika zaka 4 kapena 5. Mu 2011 Ivan Norscia ndi Elisabetta Palagi a ku Pisa, m'dziko la Italy, adapeza kuti munthu amatengera msanga kuyasamula kwa mbale wake, kenaka kwa bwenzi, kenaka kwa wongodziwana naye, mlendo n'kukhala wotsiriza. Agalu nawo aonedwa akutengera kuyasamula kwa anthu. Pakati pa anyani, monga aja a m'mapiri a Dedza, mphongo imayasamula n'kuonetsa mano ake aatali, anzake n'kudziwa kuti apatuke. Mwina apa m'pamene padachokera maganizo akuti woyasamula akuderera mnzake. Koma mwana wa munthu si nyani. Kalasi yonse ikayamba kuyasamula motsatizana sikuti anawo apangana zonyoza mphunzitsi. Angotengerana, monga momwe anthu okhala pamodzi amachitira.

Zimene makolo ankachita

Makolo sadali ndi makina ounikira, koma adali ndi maso. Mwana akayasamula ankamuuza zinthu ziwiri. Choyamba chidali cha ulemu: dzanja pakamwa, nkhope kumbali, ndipo pomuseka ankati ntchentche imulowa. Chachiwiri chidali cha chisamaliro. Kukakhala madzulo ankati kagone; kukakhala masana ankati mwanayu njala yamupweteka, agogo n'kutokosa paphulusa kufuna mbatata yootcha. Ophunzira amaseka mawu akuti kuyasamula ndi njala, koma madokotala amadziwa kuti kuyasamula pafupipafupi, kukadza pamodzi ndi thukuta lozizira ndi kunjenjemera, ndi chimodzi mwa zizindikiro zakuti shuga watsika m'magazi, makamaka kwa odwala matenda a shuga amene ali pa mankhwala. Ndipo mphunzitsi aliyense amene adaonapo kalasi isanamwe phala ndi itamwa phala safuna womuuza kusiyana kwake. Bungwe la Mary's Meals lidayamba kuphikira phala ana 200 okha m'Malawi muno mu 2002, ndipo pofika zaka za m'ma 2020 anawo adapitirira miliyoni imodzi. Bungwelo lidangochita pamlingo waukulu zomwe agogo ankachita ndi mbatata ya paphulusa.

Cholakwa cha mbadwo uno ndi chakuti udatola theka la mwambo n'kutaya theka linalo. Udasunga kudzudzula, udataya kufunsa. Wina anganene kuti popanda chilango ana adzazolowera mwano, ndipo pali ana ena amene amayasamula mokuwa, mikono m'mwamba, n'cholinga choti anzawo aseke. Zimenezo n'zoona, ndipo mwana wotero ayenera kuuzidwa. Phokoso munthu angathe kuliletsa, dzanja angathe kuliika pakamwa. Zimenezo n'zophunzitsika ndipo ziphunzitsidwe. Koma kuyasamula kwenikweniko kukayamba sikubwezedwa. Woyesa kukubisa amangokukuta mano, misozi n'kulengeza m'maso, pakapita kanthawi n'kubweranso. Kulanga munthu pa chinthu chimene sangathe kuchiletsa si mwambo wa Achewa kapena wa Angoni. Pabwalo la mfumu mlandu umafunsidwa chiyambi chake usanagamulidwe.

Mbaula ndi msewu

Nthano ya okosijeni ikadakhala yongosocheretsa pa mayeso bwenzi ili nkhani yaing'ono. Koma ili ndi ngozi yake. Imapangitsa anthu kukhulupirira kuti mpweya ukaipa m'nyumba thupi lidzawachenjeza mwa kuyasamula. Silidzatero. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mabanja ambiri a ku Dedza amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chogona, n'kutseka chitseko ndi mawindo, n'kumata mipata ndi nsanza. Makala oyaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokosaidi, umene ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Mpweya umenewu umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Wogalamuka amamva mutu, chizungulire ndi nseru. Wogona samva kanthu, amangopitirira. Makolo adati pakadafunda padajiwitsa galu. Mbaula iwothedwe chitseko chili chotsekula, ndipo itulutsidwe panja anthu asanagone, ngakhale makala ataoneka ngati azima. Munthu akapezeka wafooka m'nyumba yotero atulutsidwe pamphepo msanga n'kuthamangira naye kuchipatala.

Pamene kuyasamula kumachenjezadi ndi pamsewu, ndipo apa m'pamene anthu amakunyalanyaza. Dalaivala wa minibasi kapena wa lole amene wanyamuka ku Lilongwe mbandakucha, pofika ku Linthipe n'kuyamba kuyasamula motsatizana, thupi lake lanena kale kuti tulo tayandikira. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Zikope zikagwa masekondi 3 okha, galimotoyo yayenda mamita oposa 60 popanda woiwongolera, pamsewu wa M1 wodzaza ndi njinga, ngolo, mbuzi ndi amayi ogulitsa tomato. Kukweza wailesi kapena kutsitsa galasi kumangonyenga kwa kanthawi. Mankhwala a tulo ndi tulo. Chodabwitsa n'chakuti wamkulu yemwe amakalipira mdzukulu chifukwa choyasamula patebulo amakhala chete pampando wakutsogolo dalaivala akuyasamula kachisanu, ati kuopa kuoneka wamwano. Ulemu wotero watayitsa miyoyo. Wokwera ali ndi ufulu wonena mwaulemu kuti, “Adalaivala, taimani pang'ono mupumeko.”

Kuyetsemula ndi kutsokomola

Kuyetsemula ndi tsache la mphuno. Fumbi la mwezi wa Okutobala, mungu, tsabola wokazinga, gaga wa pamtondo, fodya wofwenkha wa agogo kapena kachirombo ka chimfine zikakhudza mkati mwa mphuno, uthenga umapita kuubongo ndipo mpweya umatulutsidwa mwamphamvu kuti usese zonsezo. Anthu ena, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, amayetsemula akangotuluka mumdima n'kuona dzuwa lowala. Zimenezi n'zakumtundu, si matenda. Zakuti mtima umaima poyetsemula n'zabodza. Kutsina mphuno ndi kutseka kukamwa pofuna kubisa kuyetsemula ndiko kuli koopsa, chifukwa mphamvu ya mpweyawo ingathe kuvulaza khutu.

Pano mwambo wa makolo wotembenukira kumbali udapambana mayeso. Mu 2020 Lydia Bourouiba wa pa sukulu ya MIT ku America adafotokoza kuti nkhungu ya timadontho totuluka poyetsemula ingathe kufika mamita 7 kapena 8. Chaka chomwecho, pa 2 Epulo, Malawi adalengeza odwala oyamba a Covid-19, ndipo anthu adayamba kuphunzira pa wailesi zimene agogo ankanena pankhokwe. Komabe mwambo ndi chinthu chamoyo, uyenera kukula. Dzanja ndi lokwanira poyasamula, koma poyetsemula ndi potsokomola silikwanira, pakuti dzanja lomwelo ndilo lopatsana moni, ndilo lopisa m'mbale imodzi ya ndiwo, ndilo losamba m'beseni limodzi ndi banja lonse. Kansalu kapena mkati mwa chigongono ndiye malo ake, kenaka madzi ndi sopo.

Kutsokomola ndi mlonda wa mapapo. Chakudya chikasochera njira, kapena utsi wa m'khitchini yopanda zenera ukalowa m'chifuwa, mlondayu amachitapo kanthu. Koma chifuwa chopitirira masabata awiri, makamaka chikadza ndi thukuta la usiku, kuwonda kapena magazi m'makhololo, ndi uthenga wina. Midzi ya Dedza imaidziwa bwino nkhaniyi. Amuna ambiri adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela mpaka 1974, pamene ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo ena adapitanso kudzera ku TEBA mpaka 1988. Ambiri adabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete, komanso ndi fumbi la miyala m'mapapo ndi chifuwa chachikulu. Apa chilungamo chifuna kuti mwambo nawo udzudzulidwe. Chifuwa chotere chikadza, m'mabanja ena nkhani imathamangira ku mdulo kapena tsempho: wina waswa mwambo wa m'banja, wina wathira mchere m'ndiwo pa nthawi yoletsedwa. Miyezi imatha anthu akulozana zala ndi kufunafuna mizu, kwinaku wodwalayo akutsokomolera ana m'nyumba yotseka mawindo. Kachirombo ka chifuwa chachikulu kadapezedwa ndi Robert Koch mu 1882, ndipo sikasamala za mchere. Kuyezetsa makhololo ndi kwaulere pa chipatala cha boma cha Dedza, mankhwala ndi aulere, ndipo womwa mokhulupirika miyezi 6 kawirikawiri amachira. Wofuna kukambirana za mdulo akambirane makhololo atapita kale kuchipatala.

Ngakhale kuusa moyo, kumene akulu ena amakuyesa kudandaula kwa mwana wosakhutira, kuli ndi ntchito yake. Munthu aliyense amausa moyo pafupifupi maulendo 12 pa ola osazindikira. Mu 2016 akatswiri a mayunivesite a UCLA ndi Stanford, motsogozedwa ndi Jack Feldman ndi Mark Krasnow, adapeza kagulu ka timaselo ta muubongo kamene kamalamula kupuma kwakuya kumeneku. Ntchito yake ndi kufutukula timatumba ta m'mapapo timene tafwapa. Mwana wotumidwa kumunda akausa moyo, mwina akudandauladi, mwina mapapo ake akungodzikonza. Wanzeru amayamba waona nkhope asanatole ndodo.

Chigamulo

Mwana woyasamula alibe mlandu. Amene ali ndi mlandu ndi wamkulu amene adaona chizindikiro n'kuchilanga m'malo mochifunsa, ndi wophunzira amene adaloweza yankho limodzi n'kuleka kufufuza. Chindapusa chawo si mbuzi kapena nkhuku. Mphunzitsi akaona kalasi yayamba kuyasamula atsekule mawindo ngakhale kunja kuli chisanu, aimiritse ana adziwongole, awayimbitse nyimbo imodzi, afunse amene sadadye, ndipo adzifunsenso yekha ngati sadalankhule nthawi yaitali ana ali phee. Kholo likaona mwana akuyasamula tsiku lonse lifufuze ngati akugona mokwanira, ngati foni siikumudyera usiku, ngati ntchito za m'mawa sizikumuchulukira. Zikapitirira popanda chifukwa chooneka, apite naye kuchipatala. Mdzukulu naye ali ndi gawo lake: dzanja pakamwa poyasamula, nkhope kumbali ndi chigongono poyetsemula, ndipo asachite manyazi kunena kuti njala yamupweteka kapena chifuwa chamukhalitsa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adatero akale. Koma mwana sangatsekule chitseko chimene wamkulu waimapo ndi chikwapu.